Lamba, kagalasi ndi wotchi: tizipangizo timene timaveka ngwazi za ku Japan

M'makatuni a ku Japan, aja amatchedwa anime, komanso m'magemu ambiri ochokera m'dzikolo, muli kamphindi kena kamene ndewu imayamba yaima kaye. Chilombo chatulukira mumzinda, anthu akuthawa ali balalabalala, ndiye mtsikana wa sukulu kapena mnyamata wooneka wamba akupisa m'thumba n'kutulutsa kanthu kokwana m'dzanja. Pena ndi kagalasi, pena foni, pena lamba womanga m'chiuno. Akukakweza m'mwamba, akufuula mawu omwe aja amafuula sabata ndi sabata, kuwala kuti ng'ani, zovala zake za masiku onse zazimiririka. Amene waima pamenepo tsopano wavala zankhondo kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ndipo akhoza kulumpha nyumba yosanja. Eni ake amati henshin, kusandulika.

Woonera koyamba angayese kuti n'zongokometsera. Koma kachipangizo kameneka kakhala pakati penipeni pa nkhani za mtunduwu kwa zaka zoposa 60, ndipo sikachoka chifukwa kamathandiza anthu angapo nthawi imodzi: wolemba nkhani, wojambula, wogulitsa zidole, ndiponso mwana amene wakhala pansi maso ali pa TV.

Poyamba tione kusiyana kwake ndi ngwazi za ku America. Superman mphamvu zake zili m'thupi. Akavala suti ndi magalasi a m'maso amakhala akubisala, ndipo akatsegula malaya kuti chilembo cha S chioneke sanawonjezere mphamvu iliyonse. Vuto lake n'kupeza posinthira basi. Barry Allen, amene anakhala Flash mu 1956, ankasunga chovala chake chofiira chitapanikizidwa m'kati mwa mphete, n'kumafufuma chikangokhudzana ndi mpweya. Mpheteyo ntchito yake n'kusunga chovala, liwiro ndi la mwini wake. Ku Japan zinthu zinayenda mwina. Kawirikawiri mphamvu zimakhala m'kachipangizoko, kapena ndi iko kamene kamazitsegulira. Mukailanda ngwaziyo lamba wake, mwatsala ndi munthu wamba amene angathyoke mkono ngati wina aliyense.

Mwambowu unachokera mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi nkhani za atsikana. Mu 1962 Fujio Akatsuka anayamba kujambula nthano ya Himitsu no Akko-chan m'magazini ya atsikana yotchedwa Ribon, ndipo mu 1969 kampani ya Toei inaisandutsa katuni ya pa TV. Akko ndi mwana amene analandira galasi lamatsenga lomusandutsa chilichonse chimene wafuna, kaya namwino, kaya mphunzitsi, ngakhale mphaka. M'magazini galasilo poyamba linali lalikulu, koma pa TV analichepetsa n'kukhala kagalasi kotseka ngati kabokosi, kolowa m'thumba la diresi. Akko sankamenyana ndi zilombo. Kagalasiko kankamupatsa mwayi wolawa ukulu kwa kanthawi, kenako n'kubwerera ku umwana wake.

Mbali yachiwiri ndi masewero a anthu enieni ovala zigoba, amene amatchedwa tokusatsu. Si makatuni ayi, koma iwo ndi anime akhala akubwerekana nzeru kuyambira kale, ndipo nthawi zambiri amapangidwa ndi makampani omwewo. Mu 1966 kampani ya Eiji Tsuburaya inatulutsa Ultraman. Membala wina wa gulu lolimbana ndi zilombo dzina lake Hayata ankakweza m'mwamba kandodo kotchedwa Beta Capsule n'kusanduka chimphona cholimbana ndi zilombo zazikulu kuposa nyumba. Ana anazolowera kakwezedwe ka mkonoko mwamsanga, moti pofika gawo la 34 opanga anatha kuseka nako: Hayata anathamanga kuchokera pa chakudya n'kukweza supuni m'malo mwa kandodo kaja.

Koma amene anakhazikitsa zonse zimene tikuziona lero ndi Kamen Rider, sewero la Shotaro Ishinomori limene linayamba mu April 1971, ndipo zinachitika chifukwa cha ngozi. Ngwazi yake, Takeshi Hongo, inali ndi lamba wokhala ndi kamphero ka mphepo pakati. Kuti asandulike ankafunika mphepo yamphamvu yozunguza kampheroko, choncho ankathamangitsa njinga yamoto, ndipo kusandulikako kunkachitika ali pa liwiro. Hiroshi Fujioka, amene ankasewera Hongo, ankayendetsa yekha njingayo pojambula. Magawo oyambirira asanathe anagwa nayo n'kuthyoka mwendo moopsa. Opanga anabweretsa ngwazi yachiwiri, Hayato Ichimonji, yoseweredwa ndi Takeshi Sasaki. Tsono Sasaki panthawiyo analibe laisensi ya njinga yamoto. Anthu anakanda mitu, ndipo nzeru inapezeka: aime chilili, azunguze manja mwa dongosolo lake, afuule kuti henshin, alumphe m'mwamba kuti mphepo ilowe mu lamba.

Kusinthaku kunaoneka kochepa, koma kunapereka sewero lonse m'manja mwa ana. Mwana sangapeze njinga yamoto, koma manja ali nawo, pakamwa ali napo. Ana a ku Japan anayamba kuchita zomwezo m'mabwalo a sukulu ndi m'misewu. Kampani ya zidole ya Popy, imene inali nthambi ya Bandai, inatulutsa lamba wa mabatire amene ankawala ndi kuzungulira, pa mtengo wa ma yen 1,500. Zinali ndalama ndithu pa chidole m'masiku amenewo, komabe anagulidwa malamba oposa 3 miliyoni m'zaka ziwiri zokha.

Kuchokera apo nkhani ya malonda sinasiyanenso ndi nkhani ya pa TV, ndipo n'kosathandiza kubisa zimenezi. M'mapulogalamu a ana, wopanga zidole amakhala mmodzi wa olipira pulogalamuyo, ndipo kachipangizo kosandulikira kamakonzedwa kuyambira pachiyambi kuti kadzakhale chidole. Atasowa kwa zaka zingapo, Kamen Rider anabwereranso pa TV mu 2000 ndipo kuyambira pamenepo chaka chilichonse kumabwera ngwazi yatsopano ndi lamba watsopano. Mukawandandalika malambawo muona zimene ana a chaka chimenecho ankasirira. Mu 2002, ana atapenga ndi masewera a makhadi, Kamen Rider Ryuki ankagwiritsa ntchito makhadi. Mu 2003 ngwazi ya Kamen Rider 555 inkadina manambala pa foni yopinda n'kuilowetsa mu lamba. Mu 2009 Kamen Rider W anali ndi tizinthu tooneka ngati mafulashi a pa kompyuta, ndipo mu 2016 madokotala a mu Kamen Rider Ex-Aid ankalowetsa timakaseti ta magemu. Taonani nzeru ya malonda pamenepa: lamba kholo ligula kamodzi, koma tolowetsamo timatuluka tatsopano mwezi ndi mwezi, ndipo kalikonse kamabweretsa mtundu wina wa chovala.

Zidole zikapanda kuyenda malonda, nkhaninso imadwala. Mu 1982 kunali katuni ya Minky Momo, ya kamtsikana kosandulika munthu wamkulu wa ntchito zosiyanasiyana. Kampani ya zidole itaona kuti malonda sakukoma inachotsa thandizo lake, ndipo m'gawo la 46 olemba anapha Momo pomugunditsa lole yonyamula zidole. Pulogalamuyo inadzapitirira, Momo atabadwanso ngati khanda, koma gawo limenelo limakumbukikabe mpaka lero monga umboni wa amene amagwira chingwe.

Ntchito ina ya kachipangizoka ili ku chipinda chojambulira. Gawo limodzi la anime limafuna zithunzi masauzande, ndipo sabata iliyonse pamafunika gawo latsopano. Chigawo cha kusandulika chimajambulidwa kamodzi, mosamala kwambiri, ndi akatswiri opambana, kenako chimabwerezedwa gawo lililonse. Sailor Moon wa Naoko Takeuchi, amene anayamba pa TV mu 1992 n'kukwanitsa magawo 200 pofika 1997, ndiye chitsanzo chodziwika dziko lonse. Usagi Tsukino, mtsikana amene amasandulika Sailor Moon, amakweza kabaji kamene anapatsidwa ndi mphaka wolankhula dzina lake Luna, maliboni amamukulunga m'manja n'kusanduka magolovesi, m'miyendo n'kusanduka nsapato zazitali. Anzake akayamba kuwonjezekera, aliyense ndi cholembera chake chosandulikira, masekondi osafunika kujambulanso amachuluka, ndipo ojambula amapuma pang'ono. Anthu ena amati uku n'kuba nthawi ya oonera. Ine sindikuona choncho. Mwana amadikira dala chigawo chimenechi, amadziwa liwu lililonse, amanenera limodzi, ndipo mtima wake umakhazikika chifukwa akudziwa kuti thandizo lafika. Chimene chinayamba ngati njira yopulumutsa ndalama chinasanduka mbali imene ana amaikonda koposa.

M'masewero a anthu enieni, kuwala kuja kumabisa chinthu china: posandulika amasinthanso munthu. Mnyamata wa nkhope yokongola amachoka, m'chovalamo mumalowa katswiri wa zolumpha ndi zomenyana. Seiji Takaiwa anavala chovala cha pafupifupi Kamen Rider wamkulu aliyense kuyambira 2001 mpaka cha m'ma 2019, nkhope yake osaoneka. Njira imeneyi ndi imene inabala Power Rangers, amene ambiri a ife tinawaonera tisanamve n'komwe za Japan. Mu 1993 Haim Saban, wopanga mapulogalamu a pa TV ku America, anatenga zithunzi za nkhondo za sewero la ku Japan la 1992, Kyoryu Sentai Zyuranger, n'kujambula achinyamata a ku America m'zigawo zosavala zigoba zokha. Kachipangizo kosandulikira ndiko kanali msoko wolumikiza mafilimu awiriwo. Ngati munadabwapo kuti ngwazi yachikasu inalibe siketi pamene yapinki inali nayo, ngakhale onse awiri anali atsikana, chifukwa chake n'chakuti ku Japan wachikasuyo anali mwamuna. Nzeru ya kachipangizoka inafikanso m'katuni ya ku America ya 2005, Ben 10, mnyamata uja wadzaza pa zikwama za ana a sukulu. Wotchi yake ya Omnitrix imasintha thupi lonse osati chovala chokha, koma malamulo ake ndi omwewo: kudina, kuwala, nthawi yoikika, kenako kudikira kuti idzadzenso mphamvu.

Funso limene aliyense amafunsa ndi lakuti, nanga mdani amangoyang'ana bwanji mpaka munthu amalize kuvala? Sewero la 1982 la Space Sheriff Gavan linayankha poyera. Wofotokoza nkhani ankanena kuti Gavan amavala chovala chake chachitsulo m'masekondi 0.05, ndiko kuti sekondi imodzi mutaigawa ka 20, kenako ankationetsanso pang'onopang'ono mmene zachitikira. Ndiye kuti zimene timaona kwa nthawi yaitali zija, mdani amaziona ngati kuphethira kamodzi.

Nanga chovalacho chimachokera kuti? Apa olemba amasiyana. Cha Gavan chimatumizidwa kuchokera ku chombo chake cha mumlengalenga chili tizidutswa ting'onoting'ono. Cha Sailor Moon n'chamatsenga, ndipo palibe amafunsa zambiri. Go Nagai, mu Cutie Honey ya 1973, anapereka yankho lomveka ngati la sayansi: Honey ndi loboti wooneka ngati mtsikana, ndipo m'thupi mwake muli makina otola tizinthu ta mumpweya n'kuumba chinthu chilichonse. Akakhudza kamtima ka pakhosi pake, zovala zakale zimaphwasuka, zatsopano n'kuumbika. Adani ake amafuna makinawo kuti azipangira miyala yamtengo wapatali, choncho kachipangizoko ndiko gwero la nkhondo yonse. Koma pali mbali ina ya cholowa cha Cutie Honey imene sindisangalala nayo. Pakati pa chovala chakale ndi chatsopano mtsikanayo ankaoneka ali maliseche, ndipo chizolowezi chimenechi chinafalikira m'makatuni ambiri, ena mpaka kuchipitiriza mopyola pa atsikana amene nkhaniyo ikuti ndi ana a sukulu. Makolo adziwe kuti si katuni iliyonse yokhala ndi mtsikana wonyamula kandodo konyezimira imene ili ya ana. Ndipo palibe chokakamiza kuti zikhale choncho. Mu Cardcaptor Sakura, imene inafika pa TV mu 1998, kakiyi ka Sakura kamasanduka ndodo, koma zovala zake amamusokera ndi mnzake Tomoyo, zosiyanasiyana pafupifupi nkhondo iliyonse, ndipo nkhaniyo siperewera kanthu.

Tsopano tifike pamene ine ndimaona kuti pali phindu lenileni. Mphamvu ikakhala kunja kwa thupi, wolemba amapeza mafunso amene nkhani ya munthu wobadwa nazo mphamvu imavutika kufunsa. Kachipangizo kakhoza kubedwa, kuthyoka, kuiwalika kunyumba, kukanidwa, kapena kusiyiridwa wina. Mu Kamen Rider 555 malamba amasinthana manja kambirimbiri, abwino ndi oipa omwe amawavala, ndipo lamba mmodzi amapha womuvala amene thupi lake silili loyenera, n'kumusandutsa phulusa. Woonera amayamba kuzindikira kuti chovala si ungwazi, chifukwa chovala chomwecho dzulo chinapulumutsa anthu ndipo lero chikuwasaka. Mu Futari wa Pretty Cure ya 2004, Nagisa ndi Honoka aliyense ali ndi kachipangizo kooneka ngati foni, koma sangasandulike popanda kugwirana manja. Atsikana awiriwa ndi osiyana zochita, ndipo akayambana mzinda wonse umakhala pa ngozi. Lamulo limodzi la kachipangizo linasandutsa ubwenzi kukhala nkhani yaikulu ya pulogalamu yonse, ndipo Pretty Cure akutulukabe chaka ndi chaka.

Puella Magi Madoka Magica ya 2011, ya magawo 12 okha ndipo si ya ana, inatenga nzeruyi n'kuitembenuza moopsa. Atsikana amalandira kamwala konyezimira kotchedwa Soul Gem posinthana ndi chokhumba chimodzi. Amakaona ngati chida, mpaka tsiku limene kamwala ka mmodzi wa iwo kanaponyedwa kutali ndipo thupi lake linangoti khwethe, lopanda moyo. Zinadziwika kuti mzimu wa mtsikanayo unachotsedwa m'thupi n'kuikidwa m'kamwalako, ndipo kakatalikira mamita oposa 100 thupi silingayendenso. Komanso kamada pang'onopang'ono nthawi iliyonse akagwiritsa ntchito mphamvu. Kwa zaka makumi anayi oonera anazolowera kuti kachipangizo ndi mphatso, ndipo nkhaniyi inafunsa kuti wopereka mphatsoyo amapindula chiyani.

M'magemu zinthu zimasinthanso, chifukwa wodina batani ndi inuyo. Pa TV wolemba ndiye amasankha nthawi yosandulika, ndipo amaisungira kumapeto. Wosewera gemu mukamupatsa chovala champhamvu popanda malire, achivala pachiyambi osachivulanso, gemu n'kutha kukoma. Choncho opanga magemu amakakamizika kuika mtengo pa kusandulika, ndipo apa ndi pamene kachipangizo kamakhala ndi malamulo enieni.

Viewtiful Joe, gemu ya kampani ya Capcom ya 2003 imene anaitsogolera Hideki Kamiya, inapangidwa ndi anthu okonda tokusatsu ndi mtima wonse. Joe ndi mnyamata wokonda mafilimu amene chibwenzi chake Silvia chinabedwa n'kulowetsedwa m'kati mwa filimu. Ngwazi yokalamba, Captain Blue, imamupatsa wotchi yotchedwa V-Watch. Akasandulika amavala zofiira ndipo amatha kuchedwetsa nthawi kuti azembe zipolopolo, kuthamanga mpaka nkhonya zake kuyaka moto, kapena kukokera kamera pafupi kuti kumenya kukule mphamvu. Zonsezi zimadya muyezo umene uli pamwamba pa sikirini, monga momwe mayunitsi a magetsi amatsikira pa mita mukayatsa mbaula ya magetsi. Muyezowo ukafika pa ziro, chovala chimachoka pomwepo pakati pa adani, Joe amatsala ndi tisheti ndi kabudula, akamenyedwa amavulala kwambiri, mpaka muyezo utadzadzanso. Mantha amene pa TV timangowaonera, apa amakhala m'zala zanu.

Final Fantasy X-2, ya chaka chomwecho, inapita njira ina. Atsikana atatu, Yuna, Rikku ndi Paine, amasintha ntchito yawo pankhondo posintha chovala: wamfuti, walupanga, wochiritsa, woimba, wakuba. Zovalazo zili m'timipira totchedwa dressphere, timene wosewera amatiyala pa kabolodi kokhala ndi mizere yolumikiza malo. Mungasinthe kupita pa chovala cholumikizana ndi chimene mwavala basi, kusinthako kumadya mpata umene mukanamenyera, ndipo mizere ina imapatsa mphamvu zowonjezera mukaidutsa. Ndiye musanalowe nkhondo mumayamba mwaganiza kuti wochiritsa akhale pafupi ndi chovala chiti, kuti zikavuta musayende ulendo wautali. Mu Mega Man ZX ya 2006, pa kachipangizo ka magemu ka m'manja ka Nintendo DS, tizitsulo tamoyo totchedwa Biometal timalankhula ndi wotinyamula, ndipo kalikonse kamapereka chovala chotsegula njira yake: china chouluka, china chosambira, china chophwanya makoma. Nthawi zina mumafunika kuvula zonse n'kukhala munthu wamba kuti mukwawe pamalo opanikizika kapena kuti anthu a mumzinda akulankhuleni mosaopa.

Magemu anaululanso malire a kubwereza kuja. Chigawo chimene chimakoma kamodzi pa sabata chimatopetsa mukachiona kambirimbiri pa ola limodzi, n'chifukwa chake Final Fantasy X-2 inaika posankha kuti zithunzi za kusintha chovala zikhale zathunthu, zofupikitsa, kapena zisaoneke n'komwe. The Legend of Zelda: Majora's Mask ya 2000, momwe ngwazi yake, Link, amasandulika povala zigoba, imalola kudumpha chigawocho mukachiona koyamba.

Ana amene anafuula henshin m'mabwalo a sukulu aja anakula, ndipo ambiri sanasiye. Bandai inawatsatira. Kuyambira 2013 imapanga malamba a Kamen Rider a anthu akuluakulu pansi pa dzina lakuti Complete Selection Modification, ofanana kwambiri ndi a pa TV, ambiri okhala ndi mawu ojambulidwa ndi osewera enieni aja, ndipo mu 2014 inatulutsa ndodo ya Sailor Moon ya msinkhu weniweni yolinga amayi amene anaonera katuniyo ali atsikana. Mtengo wa malamba amenewa umaposa wa ana kangapo, ndipo ambiri amachita kuitanitsiratu pa intaneti miyezi ingapo asanatuluke.